Timadontho Totopa ndi Kuwala

Ndinapita ku Dublin ndili ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinali nditaphunzitsa kemisitiri pasekondale ina ku Dedza kwa zaka zoposa khumi, ndipo pa zaka zonsezo chida changa chachikulu chinali choko. Botolo limodzi la asidi lomwe sukulu inali nalo ahedi ankalitsekera m'kabati mwawo, kuopa kuti tingalimalize. Ku Dublin ndinapita kukatenga udokotala wa maphunziro. Yunivesite ina kwathu inali itandilonjeza kuti ndikabwera ndi pepala limenelo idzandipatsa malo ophunzitsa, ndipo mkazi wanga ndi ana athu awiri anavomera kukhala zaka zinayi popanda ine chifukwa cha lonjezo lomwelo. Pepalalo sindinalitenge. Ndikufuna ndifotokoze mmene linandipulumukira, chifukwa sindinabe kanthu, mowa sindimwa, ndipo ulesi sunali pa ine. Chinandigwetsa ndi ulemu umene anandiphunzitsa makolo anga.

Ntchito yanga inali pa kapulasitiki kofanana ndi chiphaso kukula kwake, kamene mu labu tinkangokatcha tchipi. M'kati mwa tchipi muli tinjira ta madzi toonda ngati tsitsi. Cholinga chinali choti bokosi lokhala ndi tchipi lizisiyidwa mumtsinje kapena pachitsime kwa miyezi yambiri, lizikoka lokha timadzi pang'ono, kusakaniza ndi mankhwala, n'kunena ngati madziwo ndi abwino kapena ayi. Koma kuti madzi ayende pa nthawi yake n'kuima pa nthawi yake pamafunika chotsekera, monga pa mpopi. Zotsekera zoyendera magetsi n'zodula ndipo zimadya batire. Zathu zinali za jeli: kadontho kofewa ngati phala lozizira, kochepa kuposa njere ya mawere, koumbidwa pakati pa kanjira. Mumdima kadonthoko kamamwa madzi, n'kufufuma, n'kutseka njira. Ukakaunikira ndi kababu koyera kamalavula madziwo, n'kunyala, njira n'kutseguka. Ukazimitsa kamayambanso kumwa.

Tsiku loyamba kuona zimenezi pa maikulosikopu ndinaseka ndekha ngati wozungulira mutu. Mumdima kadonthoko kamakhala kachikasu kopita kofiirira. Kuwala kukakagunda kamayamba kuyera, m'mbali mwake n'kubwerera m'kati pang'onopang'ono, kenaka madzi amene tawathira utoto n'kutsetsereka kudutsa. Palibe waya wokagwira, palibe mota, palibe phokoso. Ndinayatsa ndi kuzimitsa kababuko mpaka nkhomaliro inandipita. Ndinkaganiza za mijigo ya kwathu imene anthu amamwa osadziwa zili m'madzimo, ndinkaganiza za dzuwa lathu laulere lija, ndipo ndinadziona ndikutsika ndege ku Lilongwe bokosi lili m'manja. Wosauka salipira kulota, n'chifukwa chake timalota zazikulu.

Wondiyang'anira anali mayi wa ku Ireland komweko, profesa, wamfupi, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Ankabwera pa njinga ngakhale kugwe mvula yotani. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti ndizimutchula dzina lake loyamba, monga ankachitira ena onse mu labu. Ndinayesa kamodzi, dzinalo linakanirira pakhosi. Mayi wamkulu, wa imvi, amene wakusankha pakati pa anthu ambiri n'kukuitanitsa kuchokera ku Dedza, umutchule ngati mnzako wosewera naye mpira? Ndinkangoti Profesa, iye n'kumaseka, mpaka anatopa n'kundileka. Lolemba lililonse mmawa tinkakhala tonse mozungulira tebulo, aliyense n'kunena mmene ntchito yake yayendera sabata imeneyo. Anzanga ankanena mosabisa kuti zakanika, kuti aphwanya chakuti, kuti sakudziwa chimene chikuchitika. Ena ankatsutsana naye Profesa pamaso pa tonse, miyendo atapiringiza. Ine ndinkawaona ngati ana osaleredwa bwino.

Timadontho tija ndinkaumba ndekha m'kachipinda kopanda zenera, kokhala ndi nyali yachikasu kuti kuwala kusawononge mankhwala. Timabotolo tonse tinkatikulunga ndi foyilo. Umasakaniza, umathira m'kanjira, umaunikira kudzera pa kabowo kuti jeli aume pamalo amodzi okha, kenaka umatsuka zotsala. Nyengo yozizira ndinkalowa kunja kusanayere, n'kutuluka cha m'ma folo koloko kutada kale. Sindinkadandaula. Ndinkaona kuti ndapeza ntchito imene ndinabadwira.

M'mwezi wachisanu ndinazindikira kuti timadontho tanga timatopa. Katsopano kankatsegula ndi kutseka bwinobwino. Koma ukakaunikira maulendo makumi angapo, mtundu wake sunkabwereranso wonse, kufufuma kunkachedwa, madzi n'kuyamba kuzemba m'mbali pamene njira imayenera kukhala yotseka. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kankangokhala mbuu pakati pa kanjira, kuunikira kapena kuzimitsa osasintha kanthu. Ndinaumba kena, chimodzimodzi. Kenanso, chimodzimodzi.

Choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali chakuti vuto ndi manja angawa. Anzanga mu labu anali achinyamata okulira m'zipangizo, ine ndinali bambo wa ana awiri amene sabata yoyamba anachita kuphunzitsidwa kagwiridwe ka chida choyezera timadontho ta madzi, poti ndinkachigwira ngati choko. Ndinadziuza kuti penapake ndikulakwitsa, ndikapapeza ndikonza, ndipo ndikakonza ndidzanena zonse pamodzi, vuto ndi mankhwala ake. Kwathu supita kwa wamkulu ndi chinthu chothyoka chokha. Mwana akaswa mbale sathamangira kwa bambo ake. Amauza amayi, amayi n'kudikira bambo adye kaye, asambe m'manja, ndiye n'kuyamba nkhani kuchokera kutali. Ndinakula choncho, ndinalera ana anga choncho, ndipo sindinkadziwa kuti pali dziko limene zimenezi zingakhale mlandu.

Ndiye Lolemba likafika, Profesa akafunsa kuti timadontho tikuyenda bwanji, ndinkayankha monga timayankhira za wodwala: tiliko bwino pang'ono. Kwathu munthu akamva yankho lotere amasiya zimene akuchita, amakoka mpando n'kufunsa kuti zavuta n'chiyani. Ine ndinkaona kuti ndanena, ndatsegula khomo, kwatsala kuti wamkulu alowe. Profesa ankagwedeza mutu mosangalala n'kupita kwa wina. Ndinkatuluka pamsonkhanopo mtima uli pawiri, kwina ndapepukidwa, kwina ndikumukwiyira kuti bwanji mayiyu sakumva. Ndinali nditaiwala ana anga a fomu 3 aja, amene ndikafunsa kuti mwamva ankayankha onse pamodzi kuti tamva, ine n'kukhulupirira, mpaka tsiku lochonga mayeso.

Pamene ndinkafufuza cholakwa changa, ntchito inayenera kuoneka kuti ikuyenda. Kadontho kakatopa ndinkakachotsa, kutsuka kanjira, kuumba katsopano pamalo pomwepo, n'kupitiriza kuwerenga kuchokera pamene kakale kanalekezera. Pa gilafu zinkaoneka ngati kadontho kamodzi kakugwira ntchito masabata ndi masabata osafooka. Ndinkati n'zongoyembekezera, mwezi wamawa ndikhala nditapeza. M'buku langa la mu labu ndinkalemba zoona zonse, poti mphunzitsi sangasiye kulemba. Manambala ndinkalemba monga amalembera onse, koma m'mphepete mwa tsamba ndinkawonjezera zanga m'Chichewa: watopa, akudwala, wafa, ndaika wina.

Profesa ataona gilafu ya milungu isanu ndi umodzi anakondwa kwambiri, n'kunena kuti tiyese miyezi itatu. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ine ndinaviika. Miyezi itatu itakwana anaiyang'ana gilafuyo nthawi yaitali, chala chikuyenda pa mzere wowongoka uja, n'kundifunsa m'Chingerezi chake chothamanga ngati inali tchipi yomweyo kuyambira pachiyambi. Tchipi inalidi yomweyo. Pulasitiki sindinasinthepo. Ndinayankha kuti inde. Ndikudziwa chimene ankafunsa, ndipo ndinkachidziwa nthawi yomweyo.

Musaganize kuti ndinangokhala. Kwa zaka ziwiri ndinalimbana ndi timadontho timeneti kuposa mmene ndinalimbanira ndi china chilichonse pa moyo wanga. Ndinasintha kasakanizidwe ka mankhwala kambirimbiri. Ndinachepetsa kuwala, ndinasintha mababu, ndinayesa kuunikira pang'onopang'ono m'malo mwa nthawi imodzi. Ndinayesa madzi a mu labu, madzi a pampopi, madzi a mumtsinje amene ndinkatunga ndekha m'botolo Loweruka. Ndinafika podziwa kuti kuwala kwamphamvu kumatipha msanga, kuti madzi akutiakuti amatichedwetsa kufufuma, kuti kadontho kakayamba kuyera m'mphepete ndiye kuti kwatsala masiku ochepa. Ndinkatha kungoyang'ana pa maikulosikopu n'kunena kuti aka sikafika Lachinayi. Mabuku anadzaza anayi. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene ndinanena pa Lolemba, chifukwa kunena kukanakhala kuulula kuti timadonthoto timafa. Ndipo mwezi uliwonse umene unkadutsa, kuulula kunkalemera kuposa mwezi wapita. Pakadafunda padajiwitsa galu.

M'chaka chachitatu Profesa anapita ku msonkhano waukulu wa akatswiri kunja, n'kukaonetsa gilafu yanga pamaso pa anthu. Anabwerako ndi chokoleti cha labu yonse. Lolemba limenelo analengeza kuti nyengo yozizira ikangotha bokosi lathu likaikidwa mumtsinje wina kumidzi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo zikayenda bwino ulendo wotsatira ndi wa ku Malawi, ine ndikutsogolera. Onse anandiombera m'manja. Ndinamwetulira, ndinathokoza, ndinatuluka n'kukadzitsekera m'chimbudzi, n'kukhala pansi pa matailosi ozizira. Mumtsinje simukakhala munthu woumba kadontho katsopano sabata iliyonse.

Kamodzi pa mwezi Amalawi tinkakumana pa Misa ya Chichewa patchalitchi china ku Crumlin, mu Dublin momwemo. Wotsogolera anali wansembe wa ku Ntcheu amene anakhala ku Ireland zaka zambiri, wodziwika ndi nthabwala, amene ankati ntchito yake yaikulu kuno ndi kuika maliro a nkhalamba zachizungu. Misa ikatha tinkamwa tiyi mu holo, ana akuthamangathamanga, ukawafunsa m'Chichewa iwo n'kuyankha m'Chingerezi. Kumeneko anthu anali atayamba kale kunditcha adokotala. Lamulungu limenelo ndinadikira anthu achepe, n'kupempha kuti ndiwaone Bambo paokha. Tinakhala m'kachipinda kosungira mipando.

"Nkhani ya confession kapena ya visa?" anafunsa. "Chifukwa za visa ndatopa nazo, aphunzitsi."

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa kadontho mpaka pa mtsinje. Za jeli sanamve zambiri, koma mutu wa nkhani anaugwira msanga.

"Ndiye mwakhala mukusintha ma valve for two years, supervisor osadziwa?"

"Kudziwa akudziwako pang'ono, Bambo."

"Aphunzitsi, pang'ono ameneyo musandiuze ine. Inenso ndinabadwira komweko. Akudziwa kapena sakudziwa?"

"Sakudziwa."

Anapukusa mutu n'kuvula magalasi. "Mawa mmawa mupite, mugogode pa office, mulowe, munene. Five minutes basi. Kuno amatero. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Bambo, nkhani yakula. Ine pandekha pakamwa sipatseguka. Mayi uja ali ngati kholo langa. Ndingakayime pamaso pake n'kumuuza kuti wachita manyazi pa conference chifukwa cha ine? Pamafunika wamkulu mnzake akayambe ndiye. Inu mungonditsegulira njira."

"Mukufuna ndikakhale nkhoswe ku university? Azungu sadziwa zimenezo, aphunzitsi. Akatidabwa tonse."

Ndinatsika pampando n'kugwada pa kapeti. Bambo anayang'ana kumbali. Anali atakhala kuno zaka zambiri ndipo ankadziwa kuti zimene ankanenazo n'zoona, koma nawonso ndi mwana wa kwathu, kukana munthu wogwada sakanatha. Anati ndidzuke, tipita Lachinayi masana.

Ndinapempha Profesa kuti ndimuone Lachinayi pa thu koloko, osanena kuti ndibwera ndi munthu. Titagogoda n'kulowa, iye atangoona kolala yoyera pakhosi pa Bambo, anaimirira nkhope itasintha, dzanja lili pachifuwa. Anafunsa kuti wamwalira ndani, mkazi wanga kapena mwana. Kwawoko wansembe akabwera pakhomo mosayembekezeka amakhala atanyamula uthenga wa maliro. Bambo anati palibe wamwalira. Profesa anakhala pansi akupumira m'mwamba, n'kutiloza mipando.

Bambo anayamba monga timayambira. Anathokoza Profesa chifukwa cholandira mwana wa kutali ndi kumusunga ngati wake. Ananena za banja langa, za mmene ndimathandizira kutchalitchi, za mmene anthu kwathu akuyembekezera. Anati mwana ngakhale akule bwanji amapunthwa, ndipo akapunthwa amayang'ana kwa kholo. Kwa ine mawu amenewa anali okoma, oyenda m'njira yake. Ndinakhala manja ali pakati pa maondo, maso ali pansi, monga ayenera kukhalira munthu amene nkhani yake ikukambidwa. Ndinamva pambuyo pake kuti kuno woyang'ana pansi amaoneka ngati akubisa zina. Profesa ankangotembenuka, kuyang'ana Bambo, kuyang'ana ine. Patapita mphindi zingapo anadula mwaulemu n'kufunsa kuti kwenikweni chachitika n'chiyani.

"Tinthu tija timatopa," anatero Bambo m'Chingerezi.

"Tinthu titi?"

Bambo ananditembenukira. Apa m'pamene nzeru zanga zonse zinathera, chifukwa nkhoswe yanga sinkadziwa ngakhale kusiyanitsa tchipi ndi jeli.

"Bambo, mundikhululukire," anatero Profesa, "ndikufuna ndimve kwa mwini wake. Tandiyang'ana. Chikutopa n'chiyani?"

Ndinanena. Ndinati timadontho sititha sabata ziwiri, ndipo mzere wowongoka uja ndi timadontho tambiri tolumikizidwa, osati kamodzi. Sanakuwe. Anangofunsa kuti ndinadziwa liti.

"M'mwezi wachisanu."

"Wa chaka chino?"

"Wa chaka choyamba."

Anatseka maso. Kenaka anandituma kukatenga mabuku anga onse anayi. Anawerenga ataimirira, tsamba ndi tsamba. Atafika pa zolemba za m'mphepete anafunsa tanthauzo lake, ine n'kumamasulira mmodzimmodzi pamaso pa wansembe wanga: watopa; akudwala; wafa, ndaika wina. Mawu omalizawa anali pafupifupi pa tsamba lililonse lachitatu. Atatseka buku lomaliza anati alibe kuchitira mwina, ayenera kudziwitsa akuluakulu a yunivesite, ndiponso kulembera amene anakonza msonkhano uja kuti zimene anaonetsa sizinali zoona. Anathokoza Bambo chifukwa chobwera, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo. Tili panja Bambo sanandidzudzule. Anangondigwira paphewa, n'kupita kukakwera basi.

Komiti yofufuza inali ya anthu atatu, aulemu, ndipo patebulo panali tiyi ndi mabisiketi. Za gilafu sitinachedwe, poti mabuku anga omwe anali mboni. Chimene anakhalapo nthawi yaitali ndi nkhani ya wansembe. Anafuna kudziwa chifukwa chimene wophunzira angaopere womuyang'anira mpaka kubwera ndi mtsogoleri wa mpingo. Kodi Profesa ankandiopseza? Ankandikakamiza kupeza zotsatira zabwino? Anandinyozapo chifukwa cha kumene ndimachokera? Apa m'pamene ndinazindikira kuti nayenso akumufufuza, ndipo ophunzira ake ena onse anaitanidwa mmodzimmodzi kukafunsidwa za khalidwe lake. Mayi amene sanandikwezerepo mawu, amene anandibweretsera jekete ya mwamuna wake nyengo yozizira yoyamba, ndinamuika pamlandu ndi ulemu wanga. Ndinawauza kuti sanandilakwirepo. Anafunsa kuti nanga bwanji sindinangomuuza. Ndikanati chiyani m'Chingerezi, za mbale ndi amayi odikira bambo asambe m'manja?

Chigamulo chinabwera pa kalata. Profesa anapezeka wosalakwa. Ntchito yanga ya zaka ziwiri ndi theka sinkaloledwanso kulowa mu pepala lililonse. Nthawi ya thandizo la maphunziro inali itatsala pang'ono, yoyambiranso panalibe. Anandilola kulemba za miyezi yoyambirira yokha, imene inali yoyera, kuti ndituluke ndi digiri yachiwiri, imene ndinali nayo kale pochoka kwathu.

Tsiku lokabweza khadi lolowera mu labu Profesa anandiitana mu ofesi mwake. Mabuku anga anali patebulo. Anaika dzanja pamwamba pake n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene chili m'katimo. Ndinati mlandu wanga. Anati ayi. Anati aliyense wogwira ntchito ndi jeli wotereyu amakayikira kuti amafooka, koma iye sanaonepo munthu amene anatsata kufookako modekha chotere, kuwala ndi kuwala, madzi ndi madzi, kwa zaka ziwiri.

"Ukanabwera m'mwezi wachisanu uja n'kunena kuti timadontho tikufa ndipo sindikudziwa chifukwa chake, udokotala wako ukanakhala umenewo. Funso lenileni linali limenelo. Ndikanakondwa kuposa mmene ndinakondwera ndi mzere wowongoka uja. Pano sindingagwiritse ntchito ngakhale tsamba limodzi. Wina adzayamba kuchokera pachiyambi, n'kupeza zimene iwe ukudziwa kale."

Anandifunsa nayenso chifukwa chimene sindinamuuzire. Ndinati ndinkamulemekeza. Anandiyang'ana misozi ili m'maso, n'kunena kuti kukanakhala bwino ndikanamuchita mwano. Ndinasiya khadi patebulo. Ndikutsika masitepe ndinkalira ngati mwana, osati chifukwa chochotsedwa, koma chifukwa chinthu chimene ndinkachibisa ndi manyazi onse aja chinali chokhacho chaphindu chimene ndinapanga pa moyo wanga.

Kunali kutatsala munthu mmodzi woti amve. Miyezi yonse ya kafukufuku mkazi wanga sindinamuuze kanthu. Ankamva m'mawu anga kuti zinthu sizili bwino, koma ndi mkazi wa kwathu, sankakakamiza, ankadikira kuti nkhani ibwere m'njira yake. Tsiku lomwelo ndili mu Luas, sitima ya mumzinda, kubwerera ku Tallaght kumene ndinkachita lendi kachipinda, mawu a Profesa akulira m'mutu, ndinadziuza kuti phunziro ndalimva. Sindidzazunguliranso. Sindidzatumanso munthu. Nditangotsika ndinakhala pa benchi pomwepo, masana dzuwa lopanda mphamvu likuwala, n'kuyimba foni.

"Mayi, udokotala walephereka. Andichotsa. Ndinabisa zoona kwa zaka ziwiri ndipo zadziwika. Ntchito ya ku university ija kulibenso."

Ndinkangomva kulira kwa injini ndi kondakitala akuitanira anthu.

"Abambo," anatero kenaka, mawu ali pansipansi, "ndili mu minibasi, pakati pa anthu, ndanyamula tomato pamiyendo. Zaka zitatu ndakhala ndekha, ana akadwala ndekha, maliro a kwanu ndekha. Nkhani yotere mukundiponyera ngati mukugenda galu? Osandifunsa n'komwe kuti ndili pati? Munasowa wotuma? Ankhoswe athu anamwalira kodi?"

"Ndimafuna mumve kwa ine mwini."

"Ndamva," anatero, n'kudula.

Ndinayimbanso kawiri, sanayankhe. Patapita masiku awiri anandiyimbira ndi achimwene ake, amene ndi nkhoswe ya kuchikazi. Anayankhula mwaulemu wonse, anafunsa za kuzizira, za thanzi langa, za ntchito imene ndingapeze. Pomaliza anati mlongo wawo wapwetekedwa kwambiri, osati ndi kulephera kwanga kokha, koma ndi mmene ndinamuuzira ngati munthu wa mumsewu. Anati pakadali pano chilichonse chimene ndikufuna kunena kunyumba chizidzera kwa iwo.

Chaka chino n'chachiwiri chichitikireni zimenezi, ndipo kwathu sindinabwerere. Ndimakolopa pabwalo la ndege la Dublin, mbali imene anthu amadikira katundu wawo. Lamulungu lililonse masana ndimayimbira alamu anga, iwo n'kundifotokozera za kunyumba kwanga. Ndi iwo amene anandiuza sabata yatha kuti mwana wanga wamkulu wasankhidwa kupita kusekondale.